Clements Kadalie ndi Pepala Limene Analibe

Mu 1927, bungwe lalikulu koposa la anthu akuda ku South Africa silinali ANC. Linali bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule ICU, ndipo amene ankalitsogolera anali Mtonga wa ku Nkhata Bay wa zaka 31, munthu amene pa misonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira m'Chizulu, m'Chixhosa kapena m'Chisutu. Dzina lake anali Clements Kadalie. Pepala la sukulu limene anachoka nalo kwawo linali la uphunzitsi, ndipo pa uphunzitsipo sanakhalitse. Patangotha zaka ziwiri bungwe lija linali litagawikana, ndipo zina mwa zimene zinaligwetsa zinali nkhani za malisiti, mabuku a ndalama ndi alembi opanda wowayang'anira. Wophunzira amene akusinkhasinkha kuti atsate pepala liti pa maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito angachite bwino kuumva moyo wa munthu ameneyu asanalipire fizi.

Anabadwa mu April 1896 m'mudzi wa Chifira, kufupi ndi mishoni ya Bandawe, ndipo dzina limene anapatsidwa linali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Anali mdzukulu wa Chiweyu, mfumu yaikulu ya Atonga. Amishoni a ku Scotland anakhazikika pa Bandawe mu 1881 atasamuka ku Cape Maclear kumene malungo anawazunza, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Pamene Kadalie ankayamba kuwerenga, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja munali kale anyamata odziwa Chingerezi, ena atayamba kale kutsikira kumwera kukadyera nzeru zawozo. Mwana wakhama wa ku Bandawe njira yake inali yodziwika: kukwera phiri kupita ku Khondowe.

Kumeneko Dr Robert Laws anali atatsegula Overtoun Institution mu 1894. Laws mwini wakeyo anayamba ndi kuphunzira ukalipentala ku Aberdeen asanakhale dokotala ndi m'busa, choncho sukulu yake inali ndi makomo ambiri. Panali khomo la uphunzitsi, la ubusa ndi la zachipatala. Panali la ntchito za mu ofesi, kumene mnyamata ankaphunzira kulemba mabuku a ndalama ndi kutumiza mauthenga a telegalafu. Panalinso la ntchito zamanja monga ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, kukonza makina ndi ulimi, ndipo wolowera khomo limeneli ankasaina pangano lokhala zaka zingapo pansi pa mmisiri, kuphunzira ntchito ili m'manja. Mkangano umene ophunzira amakhala nawo lero m'mahositelo, woti pepala labwino ndi la m'kalasi kapena la pa ntchito, ku Khondowe unalipo agogo athu asanabadwe.

Koma makomo onsewa ankamufikitsa munthu pansi pa wina. Mphunzitsi ankagwira ntchito pansi pa mmishonale, kalaliki pansi pa mzungu wa kampani, mmisiri pansi pa injiniya. Mpando waukulu umene munthu wakuda akanaulota pa esiteti kapena pa mgodi unali wa ukapitawo. Kukonza bajeti ya chaka, kulemba ndi kuchotsa antchito, kuitana munthu wamkulu kuti afotokoze kumene ndalama zapita, zonsezi zinali ntchito zokhala ndi eni ake, ndipo sizinali m'maganizo mwa olemba ntchito kuti mwana wa ku Chifira angadzazifune. Pamwamba pa Overtoun panalibenso pokwera. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926, ndipo sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940.

Kadalie analowera khomo la uphunzitsi ndipo anamaliza ali ndi zaka 16 zokha. Pepala limeneli linamupatsa zinthu zimene anadyera moyo wake wonse: Chingerezi chosalala, Baibulo la pamtima limene ankalitchula kawirikawiri m'zoyankhula zake, ndi kusaopa kuima pamaso pa gulu. Ndalama zokha silinamupatse. Anaphunzitsa kanthawi kochepa, ndipo kumayambiriro kwa 1915, chaka chimene John Chilembwe anaukira atsamunda ku Chiradzulu, anasiya choko n'kulowera kumwera.

Njira imeneyi anthu a kwa Zulu ku Mchinji safunsa. Angoni a Mpezeni atagonja kwa asilikali a Britain mu 1898, ng'ombe zawo zambiri zinalandidwa, msonkho unabwera, ndipo amuna a ku Fort Manning, monga mmene boma la Mchinji linkatchedwera, anayamba kupita ku mafamu ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ena kudzera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ambiri ankapita ndi mphamvu za m'manja zokha. Amene anali ndi pepala la mishoni ankapeza mpando mu ofesi ya pa komboni. Kadalie anali wa gulu lachiwirili. Anagwirako ukalaliki pa esiteti ya thonje ku Mozambique, kenako pa migodi ya Shamva ndi Falcon, kenakonso m'maofesi a ku Bulawayo.

Ukalaliki unali sukulu yake yachiwiri, sukulu yopanda satifiketi. Kalaliki wa pa mgodi ankalemba mayina a antchito, kudinda matikiti a masiku amene munthu wagwira, kuwerengera phoso, ndi kutanthauzira pakati pa mzungu ndi anthu. Ankaona ndi maso ake kusiyana kwa malipiro a wakuda ndi a mzungu, ankamva madandaulo a anthu asanafike kwa bwana, ndipo ankadziwa mmene kampani imamuwerengera munthu. Zimenezi palibe kalasi imene ikanamuphunzitsa. Komabe kalaliki amalemba zimene wauzidwa. Buku ndi lake kulemba, koma woliwerenga, wolifananitsa ndi ndalama zimene zili m'bokosi, wofunsa chifukwa chake masamu sakugwirizana, amakhala wina. Kadalie anaidziwa bwino mbali ya wolemba. Mpando wa woyang'anirayo sanaukhalepo. Komanso sankakhalitsa malo amodzi, pakuti anali munthu wosalola kunyozedwa, ndipo m'zaka zitatu anasintha ntchito kangapo.

Mu 1918 anafika ku Cape Town kumene kunali mkulu wake, Robert. Ntchito zimene anapeza zinali zotsika poyerekeza ndi pepala lake, monga kulongedza katundu ndi kutumidwa. M'buku la moyo wake anasimba kuti tsiku lina wapolisi anamukankha mumsewu, ndipo mzungu wina wa ndale za apantchito, A. F. Batty, amene anaona zimenezo, anabwera kudzamuyankhula. Batty ankafuna mavoti a anthu a kudoko, ndipo Kadalie anapeza chochita. Mu January 1919 ICU inayamba ndi anthu 24, ambiri mwa iwo onyamula katundu pa doko, Kadalie ali mlembi. Mu December chaka chomwecho antchito a pa doko pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito. Ankakana kukweza m'sitima chakudya chopita kunja pamene mitengo ya chakudya m'dzikomo inali itakwera, komanso ankafuna malipiro abwino. Sitalakayo inatha popanda phindu looneka nthawi yomweyo, koma chaka chotsatira makampani a pa doko anakweza malipiro kufika mashilingi 8 pa tsiku. Kumapeto kwa 1920 boma linalamula kuti Kadalie athamangitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo linathetsedwa asanachoke.

Pa msinkhu umenewu Kadalie bungwe ankalitha. Gulu la anthu a doko limodzi munthu mmodzi amalisunga m'mutu: amadziwa amene walipira, amene wadwala, amene akuzemba. Mavuto anabwera ndi kukula. Mu October 1920 apolisi ndi azungu ena anaombera anthu amene anasonkhana ku Port Elizabeth kufuna kuti mtsogoleri wa antchito kumeneko, Samuel Masabalala, amasulidwe, ndipo anthu oposa 20 anafa. Mbiri ya mabungwe a antchito inafalikira. Mu 1923 ICU inayamba kusindikiza nyuzipepala yake, Workers' Herald. Mu 1925 inalemba A. W. G. Champion, amene anali kalaliki pa mgodi wa Crown Mines, ndipo iye anakaimika nthambi ya Durban n'kuyamba kugonjetsa khonsolo ya mzindawo m'makhoti, mwa zina pa mchitidwe woviika anthu akuda m'madzi a mankhwala polowa m'tauni ngati ng'ombe. Pofika 1926 likulu linali litasamukira ku Johannesburg.

Kenako bungwe linasefukira kumidzi. Ku Natal, ku Orange Free State ndi kum'mawa kwa Transvaal kunali mabanja okhala pa mafamu a azungu mwa dongosolo lofanana ndi thangata lathu: kugwira ntchito miyezi ingapo kulipira malo okhala ndi odyetsa ziweto. Eni mafamu anali kuwafinya ndi kuwathamangitsa. Anthu amenewa atamva za ICU anabwera m'zikwizikwi kudzagula khadi lofiira la umembala, ambiri akukhulupirira kuti khadilo liwabwezera malo. Mu 1927 bungwe linkanena kuti lili ndi mamembala pafupifupi 100,000. Moto unalumphanso Limpopo: Robert Sambo, wa kuno kwathu, anakayambitsa ICU ku Bulawayo chaka chomwecho, boma lisanamuthamangitse.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa mpamene ntchito ya Kadalie inasintha iye mwini asanasinthe. Taganizirani mmene ndalama ya bungwe lotere imayendera. Mlembi wa nthambi, kawirikawiri mnyamata amene anali mphunzitsi kapena kalaliki, akuchititsa msonkhano pabwalo Lamulungu masana. Anthu mazanamazana akumupatsa timakobidi. Pa ndalama yomweyo ayenera kulipira lendi ya ofesi, kudzilipira yekha, kupereka kwa loya amene akuimira membala wothamangitsidwa pa famu, n'kutumiza yotsala ku ofesi ya chigawo, imene nayo itumize ku Johannesburg. Pa khomo lililonse ndalama ikhoza kutayika ngakhale pasakhale wakuba. Khadi laperekedwa koma silinalembedwe m'kaundula. Loya walipidwa koma lisiti palibe. Mlembi wabwereka pang'ono poganiza kuti abweza mwezi wamawa. Tsono akuba nawo analipo, pakuti pamene pali uchi wopanda njuchi anthu sachedwa kudziwa. Kuti zoterezi zisachitike pamafunika zinthu zosasangalatsa kuzimva: makadi a manambala otsatana, wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba buku, lipoti la mwezi ndi mwezi, munthu woyendera nthambi mosayembekezeka, ndi mtsogoleri wolimba mtima kuchotsa mnzake amene amamukonda. ICU inali ndi anthu ambiri odziwa kuyankhula. Odziwa zimenezi anali ochepa, ndipo mtsogoleri wake sanali mmodzi wa iwo.

Ochepa amene analipowo ena anawachotsa yekha. Mu December 1926, pa msonkhano wa ku Port Elizabeth, utsogoleri wa ICU unagamula kuti munthu asakhale ndi udindo m'bungwe ali membala wa chipani cha Communist. Amene anachotsedwa anali James La Guma, mlembi wamkulu, John Gomas, ndi E. J. Khaile, amene anali mlembi wa zachuma. Mkanganowo unali wa ndale, woti bungwe lilimbane ndi boma motani, ndipo Kadalie ankafunanso kukondweretsa abwenzi ake achizungu ofatsa. Koma anthu omwewo ndi amene ankadandaula za kasungidwe ka ndalama ndi kufuna kuti mamembala aziwafunsa atsogoleri. Kaya pa ndale anali okhoza kaya olakwa, kuchotsa mlembi wamkulu ndi mlembi wa zachuma tsiku limodzi, miyezi yochepa anthu zikwi makumi asanalowe, kunali kuchotsa mzati denga likulemera.

Mu 1927 Kadalie anapita ku Ulaya. Anakafika ku msonkhano wa International Labour Organisation ku Geneva, ngakhale boma la South Africa silinamutume, kenako anayendera Britain ndi maiko ena, akuyankhula m'maholo odzaza. Anakhala kunja pafupifupi miyezi isanu, nthawi yomwe bungwe lake linkakula mofulumira koposa. Sitinganene kuti sankadziwa chimene chikusowa. Anakaona mmene mabungwe a antchito a ku Britain amayendera, ndipo mothandizidwa ndi Arthur Creech Jones wa Transport and General Workers' Union anabwera ndi malamulo atsopano ofuna kugawa mamembala m'magulu a ntchito zawo ndi kusunga ndalama ku likulu. Ulendowu tingautche sukulu yake yachitatu, yofanana ndi timaphunziro ta masabata ochepa timene mabwana amapitako masiku ano. Malamulowo papepala anali abwino. Koma anasokedwera antchito a m'mafakitale olandira malipiro sabata ndi sabata, pamene mamembala ambiri a ICU anali anthu a m'mafamu ofuna malo. Ndiponso lamulo lolembedwa silidziyendetsa lokha popanda anthu ophunzitsidwa kulitsata.

Atabwerako anapeza nyumba ikuyaka. Ku Durban membala wina anali atafalitsa kabuku konena za kuonongeka kwa ndalama. Champion anakasuma kuti waipitsidwa mbiri, koma analuza, ndipo woweruza anadzudzula kasungidwe ka chuma cha nthambiyo. Mu 1928 Champion anaimitsidwa pa udindo, ndipo Natal, chigawo chimene chinkabweretsa ndalama zambiri, chinadzipatula n'kukhala ICU yase Natal. Nthambi zina zinatsatira. Anthu a m'mafamu amene analonjezedwa kuti bungwe ligula malo anadikira mpaka anatopa, n'kusiya kulipira.

Kungakhale kumunamizira Kadalie kunena kuti mabuku okha ndiwo anagwetsa ICU. Lamulo la 1924 lokhudza mikangano ya pa ntchito silinkawerengera amuna akuda oyenda ndi pasi ngati antchito oyenera kukambirana ndi owalemba. Lamulo la 1927 la Native Administration Act linapatsa boma mphamvu yozenga mlandu aliyense womuganizira kuti akudanitsa mitundu, ndipo Kadalie anazengedwa nalo mu 1928, ngakhale anapezeka wosalakwa. Eni mafamu ankathamangitsa aliyense wopezeka ndi khadi lofiira, ndipo ku Greytown azungu anaononga ofesi ya bungwe. Mabungwe a antchito achizungu anakana kuti ICU ilowe m'gulu lawo. Ngakhale katswiri wa mabuku a ndalama sakanathetsa zimenezi. Koma adani akunja amadziwika, ndipo nthawi zambiri amalimbitsa gulu. Chimene chimamuchotsa munthu wosauka m'bungwe mwakachetechete ndi kukayikira kuti kakobidi kake kadyedwa.

Mu July 1928 kunafika William Ballinger wa ku Motherwell ku Scotland, wotumizidwa ndi abwenzi a ICU a ku Britain kuti akhale mlangizi. Kadalie yemwe ndiye anapempha munthu wotere. Ballinger anali wozolowera makomiti, mamineti ndi malipoti a chuma, ndipo atatsegula mabuku anapeza ngongole ndi chisokonezo. Anayamba kudula ndalama zogwiritsa ntchito ndi kufunsa mafunso, ndipo mafunso ena ankafika pa Kadalie mwini. Awiriwa sanamvane. Mu January 1929 Kadalie anatula pansi udindo, kenako anayambitsa bungwe lake, Independent ICU. Ballinger anatsala ndi mabuku, koma dzikolo sankalidziwa ndipo anthu analibe. Chigawo chimene anatsala nachocho chinangofota. Luso limene bungwe linkafuna linali litagawanika mwa anthu awiri osagwirizana, komanso linafika mochedwa ndi zaka ziwiri kapena zitatu.

Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Zulu amene wakhoza MSCE lero ali ndi makomo amene Kadalie sanawaone. Pali digiri ya zaka zinayi ya kayendetsedwe ka bizinesi. Pali madipuloma a mabungwe olembetsa mayeso, monga ABE ya ku Britain, kapena ICAM ya konkuno kwa wofuna kuzama pa zowerengera ndalama. Pali njira ya maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda imene TEVETA yakhala ikuyang'anira kuyambira 1999, kumene wophunzira amakhalako nthawi pa malo a ntchito ndipo amayesedwa pa zimene angathe kuchita. Kunja kulinso mapepala a utsogoleri wa pa ntchito amene munthu amapatsidwa posonyeza umboni wa ntchito imene akugwira kale. Mapepala onsewa amagwa m'mitundu iwiri: lina limachitira umboni kuti munthu anawerenga n'kukhoza mayeso, lina limachitira umboni kuti wina anamuona akuchita ntchitoyo. Loyamba limatsegula chitseko kwa amene sanagwirepo ntchito, ndipo limamupatsa mayina a zinthu zimene sanakumane nazo. Lachiwiri limafuna kuti munthu akhale kale ndi anthu kapena katundu womuyang'anira, apo ayi umboniwo autenga kuti?

Ophunzira ambiri posankha amafunsa kuti pepala lomveka bwino ndi liti, kapena lotchipa ndi lofulumira ndi liti. Funso loti pepalalo ndi lovomerezeka, kuti koleji yake ndi yolembetsedwa ku NCHE kapena ku TEVETA, n'lofunika ndithu, ndipo lifunsidwe ndalama isanatuluke m'thumba la makolo. Koma moyo wa Kadalie ukuwonjezera funso lina limene silimveka kawirikawiri: kodi m'maphunzirowa muli malo pamene ndidzayankhire ndalama za anthu ena ndi ntchito za anthu ena, wina akundiyang'ana? Iye anali ndi pepala la m'kalasi, analinso ndi zaka za pa ntchito. Womuona akanati munthuyu wakwanira mbali zonse. Koma kalasi inamukonzera kuphunzitsa, ofesi inamukonzera kulemba, ndipo ntchito imene inamupeza inali yoyang'anira alembi mazana m'zigawo zinayi za dziko lachilendo. Digiri imene munthu amamaliza asanaonepo kaundula weniweni ikhoza kumusiya pomwepo. Zaka khumi za kukhala pa kauntala, ngati munthu sanaloledwepo kutseka mabuku a mwezi, nazonso zikhoza kumusiya pomwepo.

Chitsanzo chili pafupi. Mchinji ndi dziko la mtedza ndi soya, ndipo alimi ambiri amagulitsa kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi. Wapampando amasankhidwa chifukwa anthu amamumvera akaimirira. Koma nyengo yogula ikafika pamakhala masikelo m'misika ingapo, matumba olowa ndi otuluka m'nkhokwe, alimi olipidwa theka, ndalama zina za m'manja zina za pa foni, ndi wogula wa kutsidya kwa Mwami amene walonjeza kulipira sabata yamawa. Ntchito imeneyi ndi ya ICU yaing'ono. Munthu amene angaithe ndi amene anaphunzira mfundo zake komanso anazichitapo pansi pa wina wodziwa kudzudzula. Kwa wina izi zikutanthauza digiri yokhala ndi atachimenti yeniyeni, yosakhala yongotumidwa kukajambulitsa mapepala. Kwa wina, amene ali kale pa ntchito ndipo anthu amamumvera, zikutanthauza kubwerera m'kalasi madzulo kukaphunzira gawo louma lija la zowerengera limene wakhala akulizemba. Anthufe timakonda kuwonjezera pepala pa mbali imene tili kale olimba, chifukwa kumeneko n'kumene timakhoza mosavuta. Kadalie atapita ku Ulaya anakachita bwino koposa pa nsanja yoyankhulira.

Zaka zake zotsala anazithera ku East London. Mu January 1930 anatsogolera sitalaka imene inayambira kwa antchito a njanji ndi a pa doko n'kufalikira m'tauni yonse, ndipo anamangidwa. Boma linamuletsa kuchititsa misonkhano ku Rand. Bungwe lake linatsala la tauni imodzi, msinkhu umene ankautha kuyambira kale, ndipo kumeneko anapitiriza kuimira anthu a m'lokeshoni pa nkhani za malipiro ndi nyumba. Ku Southern Rhodesia dzina la ICU linakhala nthawi yaitali kudzera mwa anthu ngati Masotsha Ndlovu ku Bulawayo ndi Charles Mzingeli ku Salisbury. Ku South Africa, mabungwe a antchito akuda amene anadzuka m'zaka zotsatira ambiri anali aang'onoang'ono, lililonse la ntchito imodzi, monga ochapa zovala kapena ophika buledi, ndipo ena mwa owayambitsa anali anthu amene anadutsa mu ICU n'kuona mmene inathera.

Kadalie anamwalira ku East London pa 28 November 1951, ali ndi zaka 55. Anasiya atalemba mbiri ya moyo wake, koma inakhala zaka zambiri osasindikizidwa. Inatuluka ku London mu 1970 ndi mutu wakuti My Life and the ICU.